Khoko Lowala Koposa Onse

Loweruka m'mawa ndimakwecha poto ndi ndimu ndi phulusa, ndipo fungo lake linandikumbutsa agogo aamuna.

Iwo ankalondera mpunga ndi mfuti kudambo la Chilwa kuti mvuu zisadye. Zipolopolo zinali zosowa, choncho makoko ake amkuwa sankataya. Ankawatsuka ndi ndimu ndi phulusa kuti adzathiremonso onga. Diso lawo lamanzere linafa kalekale, khoko long'aluka litawaphulikira kumaso.

Tsiku lina anandilola kuwathandiza. Ndinakwecha khoko limodzi mpaka zala kuwawa, ndipo linawala ngati ndolo. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Sanaliyang'ane n'komwe. Analigwetsa pamwala, khutu lili tcheru. Makoko ena onse ankalira kuti ngee, koma langalo linangoti thi.

"Ili ayi, mkazi wanga," anatero, monga ankanditchulira mwanthabwala.

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Iwo anagwira chala changa n'kuyendetsa chikhadabo pakamwa pa khokolo, mpaka chinakodwa pa kamng'alu kosaoneka.

"Wakamva? Ndatsala ndi diso limodzi, ndipo ndikufuna lidzaone ukwati wako. Gwetsa khoko lina, timvere limodzi."