Msana wa Rabecca

Ku Kalindawalo kunalibe mkazi wosenza ngati Rabecca. Thumba la mtedza limene amuna awiri ankakokerana, iye ankangoika nkhata pamutu n'kulowera nalo ku Petauke akuimba. Amuna ake, a Wilbroad, ankatsatira pambuyo akukankha njinga yopanda katundu, ati kuopa kuphulitsa tayala, poti zaka zimenezo za chipani chimodzi matayala ankasowa m'sitolo.

Ana asanu ndi mmodzi anawaberekera pamsana womwewo. Khansa itamudya bere, madokotala n'kulidula, anthu anati zatha. Patapita zaka inatulukira m'mafupa a msana, ndipo mkazi amene sanalirepo pobereka anayamba kuluma mphasa.

Dokotala sanamunamize. Anati kuchira ndiye ayi, koma ku Zimbabwe kuli makina owotcha nthendayo ndi cheza chosaoneka, ululu n'kugona, munthu n'kutsiriza masiku ake ngati munthu. Boma linkatumizako odwala ochepa, ndipo mwayi unamugwera iyeyo. Rabecca anakondwa mpaka anachapitsa chitenje chake cha kutchalitchi.

Koma kwa Ansenga mwamuna ndi wobwera, sangawolotse mkazi malire popanda mwini mbumba. A Wilbroad, amene sanasenzepo kanthu chibadwire, nkhani iyinso anakaitula ku Nyimba kwa a Eustace, mlongo wake wa Rabecca.

A Eustace anabwera atavala jekete, anadya nkhuku, kenako n'kuyankhula.

"Alamu, dokota wakamba yekha kuti sazapola. Nanga akafela kwa eni, mtembo azabweletsa ndani? Amai anagona pano, ambuya anagona pano. Ine nikakambe chiani ku mbumba?"

Rabecca anadzikhwekhwereza mpaka pakhomo. "Alongo, mtembo sumvela kuwawa. Nine nimvela. Nilekeni niyende, akanishike m'manda kwamene uko."

"Mwamvela, alamu? Matenda yamusokoneza mutu," anatero a Eustace, osamuyang'ana n'komwe. A Wilbroad anavomereza msangamsanga, mtima uli m'malo, chifukwa ulendowo ankauopa.

Malo a Rabecca pa ulendowo anapatsidwa kwa wodwala wina. Nthendayo sinafulumire ayi. Mvula inagwa, mtedza unakumbidwa, Rabecca akubuulabe, mapiritsi atatha kale kuchipatala. Anadana nawo onse ndipo sanabise. Wobwera kudzazonda ankabwerera atamva dzina la a Eustace likutukwanidwa. Ana a m'nyumba zoyandikana ankalephera kugona. Amayi a kutchalitchi anasiya kubwera, ati kukuwa kotere n'kuchepa chikhulupiriro.

A Eustace anabweranso kudzakonza zinthu. Anati wodwala amafunika malo a phee. Anamumangira kachisakasa kunja kwa mudzi, kuseri kwa chulu, kumene mawu sangafike m'nyumba za anthu, n'kumugoneka mmenemo ndi chikho cha madzi.

Pochoka anawerama pakhomo. "Uziyamika, mlongo wanga," anatero. "Uli kwanu, pakati pa abale ako."