Kachigayo ka Abambo Maxon

Abambo Maxon, eni nyumba yathu ku Area 23, anali dalaivala wa minibasi mpaka maso atayamba kuwavuta. Atasiya msewu anagula kachigayo kamagetsi kakalekale kwa banja lina la ku Area 47 limene linkasamuka. Ankakasamala ngati minibasi. Loweruka lililonse ankakatulutsa pakhonde, kukapukuta mpaka kunyezimira, kumanga mabawuti, kumvetsera kulira kwake atapendeketsa mutu. Koma m'kati osatsegula. Ankati injini yabwino saimasula wamba.

Ine ndili ndi mwana mmodzi, Mwayiwathu, ndipo nthawi imeneyo anali atangoyamba phala. Chilichonse chinkandiopsa: ntchentche, madzi a pampopi, chifuwa cha mwana wa eni ake. Ndiye nditaona Amayi Fatu ogulitsa samusa akugayitsa tsabola wa kambuzi pa kachigayoko, ndinada nkhawa, chifukwa soya, chimanga ndi mtedza wanga ndi zimene zinali zotsatira.

"Abambo, bwanji titsukemo kaye?"

"Amake Mwayi, kachigayo kamadzitsuka kokha. Ndadutsitsamo gaga, watenga zonse."

Mkulu wa mpingo, mwini nyumba, msinkhu wa bambo anga. Ndikanawatsutsa bwanji? Ndinagayitsa. Ufa unatuluka wokongola, koma nditaununkhiza ndinayetsemula.

Ndinaphika phala Mwayi akulira kumbuyo. Sindinamupatse. Ndinathira m'kapu n'kukagwada pakhonde.

"Abambo, kwathu ku Thyolo phala loyamba amalawa ndi mwini chigayo."

Mwambo umenewu unabadwira pakhonde pomwepo. Iwo anasekerera, n'kumeza supuni yodzaza. Yachiwiri inaima m'malere. Thukuta linatuluka pamphuno, misozi lengelenge.

"Lili bwanji, Abambo?"

"Labwino. Lili ndi mphamvu."

Akazi awo, Amayi Zipora, ankachapa chapafupi. Osadzutsa mutu anati, "Malizani msanga, bambo, mwana akudikira kuti mumuuze ngati adye."

Abambo Maxon anayang'ana Mwayi, amene anali akutambasulira dzanja kapuyo. Anaikankhira kutali.

"Asadye. Mayi, sipanala ija ili kuti?"

Atatsegula, tonse tinabwerera m'mbuyo. Sefa inali itamatidwa ndi phala lofiira la mafuta a mtedza ndi tsabola, m'makona anankafumbwe akuyenda ngati kwawo. Anakwecha ndi mswachi wakale ndi madzi ofunda, akutsokomola, kenako anayanika zitsulo padzuwa kuopa dzimbiri. Zitauma anamanga, anadutsitsamo gaga, n'kukatapa soya ndi chimanga m'nyumba mwawo kundigayira ufa wina. Mwayi anadya mpaka kugona supuni ili m'kamwa.

Masiku ano Abambo Maxon amatsegula m'kati Loweruka lililonse, ndipo Amayi Fatu anabwerera ku mtondo ndi tsabola wawo, akung'ung'udza. Vuto langa ndi limodzi. Ndikangogayitsa, Abambo Maxon amakhala pakhonde ndi supuni yawoyawo.

"Amake Mwayi, mwambo wa ku Thyolo uja tisauphwanye."

Ndimawathirira, kapu yodzaza. Akameza osalira, ndiye Mwayi amadya.