Madiredi amene munandiyambitsira, achemwali

Achemwali, ndimakumbukirabe masana aja pakhonde ku Kambuzuma, mutandipana ndi mawondo, mukundiluka tsitsi. Ndinafunsa ngati zolukazo zingasandukedi madiredi. Munandigogoda ndi chipeso, n'kunena kuti, "Iwe, usamasule basi. Lidzagwirana lokha." Linagwiranadi.

Mutamwalira, abale onse anameta monga mwa mwambo. Ine ndinakana, chifukwa m'mutu muno ndi momwe munatsala manja anu. Mwana wanu Chisomo anati sindinakulireni, ndipo anasiya kundiyankhula. Zaka zonsezi ndakhala ndikupota madirediwa ndekha pagalasi, kumbuyo osafikako bwino.

Lero, tsiku lokumbukira kutisiya kwanu, Chisomo watumiza uthenga: "Mayi aang'ono, ndikwera kombi Loweruka m'mawa kubwera kwanuko. Musapote, ndidzakupotani ine."