Akukuitana, anatero amalume

Nditakwatiwa ndi Mkatolika wa ku Phalula, amayi anasiya kundiyankhula. Kwathu ku Ntaja ndife Asilamu, ndipo amayi anali munthu wakuti akatseka pakamwa atseka basi. Ndikapita kukawaona ankalandira moni wanga ndi mutu, n'kupitiriza kupeta mpunga wawo. Zaka zinadutsa choncho, ine ndikudikira tsiku limene adzanditchule dzina.

Tsiku lina m'mawa, ndili ndi pakati potopa, amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anandiimbira foni. Anati amayi adwala, ndibwere. Ine si mwana, ndikudziwa mmene anthu akwathu amazembera nkhani ya maliro, makamaka kwa woyembekezera. Ndinawafunsa mosapsatira.

"Amalume, musandibisire. Amayi atisiya?"

"Iyayi, mwanangu, ali moyo. Akukuitana. Akuti mundiitanire mwana wanga. Koma usathamange, yenda bwinobwino."

Ndinakhala pansi pakhonde n'kulira ndi chimwemwe. Amayi kundiitana ine! Amalumewa sadumpha swala, mapemphero athu a kumzikiti, ndipo chibadwire sindinawamvepo akunama, ngakhale za mtengo wa mbuzi zimene aliyense amanama.

Sindinathamange. Pa Liwonde ndinatsika minibasi, ndinagula malalanje, buledi, ndi mpango wophimba kumutu kuti ndisawakhumudwitse polowa. Ndinatenga nthawi kusankha mtundu wa mpangowo, uchitsiru wangawo. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, kuwasintha, kuwakonzanso.

Wakabaza wa pa Ntaja anandiyang'ana kawiri nditamuuza kumene ndikupita, kenaka n'kundikweza. Tikuyandikira mudzi tinakumana ndi azibambo ambiri ovala zisoti, shehe ali patsogolo, ena atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija. Munalibe kanthu m'jenezamo. Anali kuchokera kumanda. Kwathu maliro sagonera, munthu akamwalira m'mawa dzuwa likamapendeka amakhala ali m'nthaka.

Ndinatsika panjinga. Sindinalire n'komwe, ndinangoima pamsewu ndi jumbo la malalanje m'manja.

M'nyumba ya siwa ndinakokera pambali amayi aang'ono, amene anasambitsa nawo mtembo.

"Anandiitana nthawi yanji? Ananena kuti chiyani?"

Anandiyang'ana modabwa. Anati amayi anagwa pachitsime kukucha, ndipo sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Pamene amalume ankaimba foni, n'kuti nsalu ya sanda, yokulungira mtembo, atatuma kale munthu kukagula.

Ndinatuluka, ulemu wonse nditauiwala, n'kuwapeza amalume pansi pa mtengo wa mango pakati pa azibambo anzawo.

"Munandinamiza!"

Sanakwiye, ndipo chimenecho n'chomwe chinandizunguza mutu. Anati munthu wapakati sauzidwa imfa ali kutali, akanandiuza ndikanagwa panjira, maliro n'kukhala awiri kapena atatu. Azibambo onse anagwedeza mitu kuvomereza.

"Za imfazo ndamva," ndinatero. "Nanga zoti akundiitana munazitenga kuti?"

"Ndinabadwa naye mimba imodzi mayi wakoyo," anayankha. "Pakamwa pake sananene, koma mumtima ankakuitana tsiku ndi tsiku. Ine ndinangomunenera. Bodza lili pati pamenepa?"

Anali kukhulupirira ndi mtima wonse kuti anena zoona. Amayi aang'ono nawonso ananena zoona, iwo analipo pachitsimepo. Ine ndinaleredwa kuti chinthu chinachitika kapena sichinachitike, palibe chapakati. Ndipo ndikanauzidwa chimene chinachitika, ndikanakwera galimoto yoyamba, osaima paliponse, n'kuona nkhope ya amayi asanaikulunge.

Amalume anamwalira osasintha mawu awo. Mwana uja ndinamubereka bwinobwino, mtsikana, ndipo iwo ankakonda kumuloza ngati umboni wawo. Pano wakula. Tsiku lina akundiluka tsitsi anandifunsa ngati agogo ake anandikhululukira asanamwalire. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za pachitsime. Iye anasiya kuluka, akudikira.

"Anandiitana," ndinatero.