Mchira wa Nsomba ya Aneba

Aneba angawa amaimba mluzu Lolemba m'mawa, ndipo zimandiwawa. Ine ndikamasita malaya a ku ofesi, iwo amakhala ali pakhonde, zala zili utoto wokhawokha, akujambula zikwangwani za masitolo. Tinkagwira ntchito limodzi, iwo n'kungoisiya. Amakonda kunena kuti, "Dzanja likamayabwa musalikande, lipatseni burashi."

Tsiku lina ndinaima pampanda n'kuwauza kuti nsomba imene ankajambulayo yakhota mchira. Pajatu kusukulu katswiri wojambula ndinali ine.

"Zoona, achimwene," anatero akundipatsira burashi. "Takonzani."

Ndinayang'ana malaya anga oyerawo, kenako wotchi.

"Ndichedwa," ndinatero.

Nsombayo ili pakhomo la sitolo mpaka lero, mchira uli chikhotere. Ndimaidutsa popita ndi pobwera.