A Tiyese ndi laputopu yogontha

Dzina lakuti a Tiyese linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akabwera ndi wailesi yakufa kapena ayironi yopsa, iwo sankalonjeza kanthu. Ankangokanda m'mutu n'kunena kuti, "Tiyese." Miyendo itayamba kukana ulendo wa kumsika, anasamutsira zida zawo zonse patebulo lodyera kunyumba. Akazi awo anadandaula mpaka kutopa, kenako anazolowera kusuntha mawaya asanaike mbale.

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anawasiyira laputopu yakale. Inali yaulesi moti ukaiyatsa, madzi ankawira iyo isanadzuke. Mnzawo wina wokonza mafoni anawauza za Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kuisuzumira m'kati ndi kuisintha. Zimenezi zinawafika pamtima a Tiyese, poti moyo wawo wonse ankadana ndi zinthu zomata ndi guluu.

Anaiikamo, ndipo laputopu inayamba kuthamanga ngati mwana. Koma waifai inasowa. Kabokosi ka waifai kamene mkamwini anawagulira kankangophethira pawindo, laputopu osakamva. Izi zinachitika mwana uja atangochira kumene, mayi akufunitsitsa kuona mdzukulu pa sikirini yaikulu, osati pa kafoni kawo kong'aluka.

"Mwaipha, bambo," anatero mayi.

"Sinafe, yangogontha. Kakhadi kolandira netiweki kalimo, koma sikakumvana ndi Linux. Pakufunika kapulogalamu kowamasulira. Amati dalaivala."

"Ndiye dalaivalayo amakhala kuti?"

"Pa intaneti."

"Intaneti yomwe ikukanayo?"

Mayi anaseka mpaka kugwira mpando. Atapuma, anakumbukira kuti mwana wawo ankalumikiza foni ku laputopu ndi chingwe chotchajira, intaneti n'kumadutsa momwemo. Anakachizula kuchipinda.

Zinathekadi. A Tiyese anatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kufunsa makinawo dzina la kakhadiko. Koma zilembo zinali ngati nyerere, ndipo maso awo anawanamiza. Anatsitsa dalaivala wa kakhadi kena kofanana nako dzina, laputopu n'kukhala duu.

"Mwaitana msuweni wake," anatero mayi, akukoka mpando. "Sunthani. Ine ndiziwerenga, inu muzibaya."

Anakhala choncho masana onse, mapewa atagundana. Mayi ankatchula chilembo chimodzichimodzi mokweza ngati akuitana mwana kubwalo, bambo akubaya ndi zala ziwiri. Anakanganapo pa kamzere kena, ngati kali pansi kapena pakati. Mizere yoyera itasiya kuthamanga, anazimitsa laputopuyo n'kuiyatsanso.

Pakona ya sikirini panatuluka mayina a mawaifai a mumsewu wonse. Ya aneba inalembedwa kuti "Gulani Yanu". Pansi pake panali yawo.

Analumikiza waifaiyo n'kuimbira mwana wawo pa vidiyo. Atayankha, anali atakhala pabedi, wotopa koma akumwetulira. Anasendeza nsalu, kankhope kakang'ono n'kudzaza sikirini yonse. Mayi anayamba kuwerenga zala, kufunsa ngati akuyamwa bwino, kuloza makutu kuti ndi a kwawo. A Tiyese, amene tsiku lonse sanatseke pakamwa, anangoyang'anitsitsa kankhopeko osaphethira.

"Ababa, mwakwiya kapena?" anafunsa mwanayo.

Iwo anapukusa mutu, akufufuza mpango m'thumba lolakwika. Khanda linayasamula, mayi n'kuwagunda ndi chigongono.

"Lankhulani, inu. Mwana akudikira moni wa agogo ake."