Diso la a Jonasi Makina

A Jonasi Makina sanamenyepo mpira wa ligi pa moyo wawo wonse, ndipo sankabisa. Ankati woweta nkhuku saikira mazira, koma thadzi labwino amalidziwa. Kwa zaka zambiri anagwira ntchito yoyeza mbewu pa sikelo pamsika wina ku Migowi. Ntchitoyo itatha mu 1996 anatsala ndi jekete la khaki ndi chikhulupiriro chakuti chilichonse cha pansi pano angachiyang'ane kamodzi n'kutchula giredi yake. Nandolo, mbuzi, mkamwini, ngakhale wansembe watsopano, onse ankawaika m'magiredi. Ankaloza diso lawo lakumanja n'kunena kuti, "Ili silinanamepo."

Ine ndine Chiukepo, kwathu ndi ku Rumphi, ndipo ndinawadziwa a Makina mu 1998 ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale pafupi ndi Migowi. Chaka chimenecho Phalombe inali itangochoka m'manja mwa Mulanje n'kukhala boma palokha, ndipo aliyense ankati boma lopanda timu ya mpira ndi mudzi chabe. Amene anatchera khutu pa mawuwa anali a Stafford Nakhonyo, mkulu wogula nandolo amene anali ndi malole awiri komanso mtima wofuna kuima payekha pachisankho cha aphungu chaka chotsatira. Anagula majezi ofiira ku Limbe, n'kulembetsa timu m'ligi ya chigawo cha kummwera, n'kulengeza kuti osewera azilandira malipiro mwezi ndi mwezi. Timuyo anaitcha Stafford Stars. Anthu a pamsika ankangoti Nandolo United.

Ine anandisankha kukhala mlembi chifukwa ndinkalemba zowerengeka. A Makina sanawasankhe kwenikweni. Anangofika pamsonkhano woyamba atanyamula kope ndi wezulo, n'kukhala pampando wakutsogolo, ndipo pofika pamapeto aliyense anali atavomereza kuti iwo ndiye wosankha osewera, ngakhale palibe amene ankakumbukira pamene tinagwirizana zimenezo.

Fomu ya ligi inali ndi mizere makumi awiri ndi iwiri. Loweruka loyesa osewera lisanafike, mizere isanu ndi inayi ndinali nditadzaza kale m'sitolo ya a Stafford. Inayi inapita kwa adzukulu a akazi awo, itatu kwa ana a anthu owathandiza kampeni, umodzi kwa dalaivala wa lole, ndipo wina kwa mwana wa m'busa wa mpingo wina umene unali ndi nkhosa zambiri za msinkhu wovota. Mwana wa m'busayo anali ndi mphumu. A Makina anati palibe vuto, timu iliyonse imafuna munthu wopemphera.

Tsikulo pabwalo panafika anyamata oposa zana. Ena anachokera kwa Chiwalo, ena kuchigwa kwa olima mpunga, ambiri anayenda pansi kuyambira m'mamawa. A Makina anawaimika pamzere n'kuyamba kuwayendera mmodzimmodzi. Ankawatsina akatumba ngati akugula mbuzi pamsika, ena ankawauza ayasamule. Atatha anaimba wezulo.

"Amene muli ndi nsapato za mpira, kumanja. Opanda nsapato, kumanzere."

Kumanja kunapita anthu khumi ndi anayi. Ine ndinawanong'oneza kuti nsapato zimagulidwa, koma luso siligulidwa.

"Aphunzitsi," anandiyankha mokweza kuti onse amve, "munthu amene walephera kudzipezera nsapato angatipezere chigoli?"

Komabe kuti anthu asadandaule, analola kuti a kumanzere asewere ndi a kumanja kwa theka la ola. Pakati pa opanda nsapatowo panali mnyamata wina wa kwa Chiwalo, dzina lake Amosi. Anali wamfupi, wamatewe, ndipo anafika pabwalo atangotsitsa kumene matumba awiri a chimanga amene anabwera nawo panjinga. Mpira utangomufika kuphazi tonse tinangoti maso pa iye. Anamwetsa zigoli zitatu. Pomwetsa chachitatu anamupinda mdzukulu wina wa a Stafford mpaka mnyamatayo anakhala pansi ndi matako, miyendo m'mwamba, nsapato zake zatsopano zikuwala padzuwa. Amayi ogulitsa nthochi analuluta.

Ndinasuzumira m'kope la a Makina. Pa dzina la Amosi anali atalemba kuti Giredi C.

"Koma wamwetsa zitatu," ndinatero.

"Inu mumaona zigoli. Zigoli ngakhale mwana amaziona. Ine ndimaona thupi. Miyendo imeneyo ndi ya njinga, si ya mpira. Ndi wamfupi, pa kona sangaone n'komwe kumene mpira ukuchokera. Komanso alibe mwambo. Munthu angagwetse mdzukulu wa bwana pagulu chonchi?"

Tinalemba mayina khumi ndi awiri a anthu ovala nsapato, n'kutsala mzere umodzi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina manyazi awagwira a Makina, ampatsa Amosi. Nthawi yomweyo pamsewu panaima minibasi yochokera ku Mulanje, ndipo munatsika mwamuna wamtali atavala thirakisuti yobiriwira ndi magalasi akuda, nsapato za mpira atazikoloweka m'khosi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, n'kuponda dothi kawiri ndi chidendene, n'kupukusa mutu.

"Bom dia," anapereka moni m'Chipwitikizi.

A Makina anavula chipewa. M'Chichewa chothyokathyoka mlendoyo anafotokoza kuti dzina lake ndi Howardo, wachokera ku Beira ku Mozambique kumene ankasewera timu yaikulu, ndipo wamva kuti kuno kuli bwana wokonda mpira. Titamupempha kuti amenyeko pang'ono, anagwira bondo n'kunena kuti likupuma, komanso bwalo lathu ndi la miyala. A Makina anamuzungulira katatu. Sanamutsine.

"Giredi A," anatero a Makina. "Aphunzitsi, lembani. Onani mmene waimiramo. Kaimidwe kameneka saphunzitsa kuno."

Ndinalemba. Amosi anali ataima chapafupi, atagwira njinga yake. Anayandikira n'kunjuta.

"Abambo, ine ndalakwa pati?"

"Sunalakwe, mwana wanga. Pita ukalime. Dziko likufunanso alimi."

Mnyamatayo anamanga matumba opanda kanthu pakaliyala n'kupalasa kulowera kwawo.

Masana omwewo a Makina anatitengera kunyumba kwawo, ine ndi Howardo, kuti mlendo akadye. Akazi awo, mayi Belita, ankagulitsa tomato pamsika wa Migowi, ndipo ankadziwa banja lililonse kuyambira kuphiri mpaka kumalire. Atatipatsa madzi osamba m'manja anamuyang'anitsitsa mlendoyo, kenaka anaitanira amuna awo kukhonde. Mawu awo ankamveka bwinobwino.

"Bambo, uyu si Howard, mwana wa a Eveles a ku Nkhulambe?"

"Ameneyu ndi wa ku Beira."

"Beira yake iti? Makutu amenewo ndi a bambo ake."

"Amayi, tomato ndimakusiyirani inu. Mpira ndisiyireni ine."

Mayi Belita anangobweretsa mbale ya kalongonda, nyemba zija zimene Alomwe amazikonda koma mlendo amayamba wafunsa ngati sizipha. Howardo sanafunse kanthu. Anamaliza mbale yonse n'kunyambita zala. A Makina anandiuza kuti anthu oyenda maiko ndi otero, sasankha zakudya.

Ligi itayamba tinagonja masewero asanu otsatizana. Howardo ankakhala pabenchi, magalasi kumaso, akutafuna chingamu. Anthu akafunsa chifukwa chake sakulowa, a Makina ankati mfuti yaikulu saombera mpheta. Pamasewero onse ogonjawo anali ndi chifukwa chake: woimbira mpira anali wokondera, mphepo inachokera kuphiri, adani anakwirira zinthu pagolo. Koma sanalole kuti wina atchule mndandanda wa osewera. Ankati mndandanda ndi wabwino, vuto ndi mpirawo.

Masewero achisanu ndi chimodzi anali a pakhomo, kutatsala milungu itatu kuti tivote. Tinkakumana ndi timu ya esiteti ina ya tiyi ya ku Mulanje. A Stafford anaganiza zophatikiza mpira ndi msonkhano wa kampeni. Malole awo anatuta anthu m'midzi, anagawa nsalu za nkhope yawo, ndipo chimkuzamawu chinazungulira tsiku lonse kulengeza kuti lero katswiri wa ku Beira atsegulidwa.

Alendo atalowa m'bwalo, ndinaona kamunthu kamatewe katavala jezi nambala 9 yofika m'mawondo. Anali Amosi. A ku esiteti anamuona pa mpikisano wina wa m'midzi, anamulemba ntchito yopalira tiyi, n'kumupatsa nsapato. Ndinawagunda a Makina ndi chigongono.

"Ndamuona," anatero. "Nsapatozo zimulemera."

Pofika nthawi yopuma, Amosi anali atamwetsa ziwiri. A Stafford anatsika pansanja nkhope itasintha, n'kulamula kuti mfuti yaikulu ija iombe tsopano, mpheta kapena ayi. Howardo anavula magalasi monyinyirika n'kulowa. Anthu anaimba ng'oma. Mpira woyamba kumufika unadutsa pansi pa phazi lake, iye n'kumenya mphepo. Wachiwiri unamumenya pamsana akuyang'ana kwina. Pasanathe mphindi khumi anali atawerama, manja pamawondo, akupuma ngati galu wa alenje.

Kenaka pakati pa amayi amene anabwera pa lole ya ku Nkhulambe panatuluka mayi wina wachikulire, atavala nsalu ya nkhope ya a Stafford. Anadutsa chingwe n'kulowa m'bwalo, oimbira akumuyang'ana.

"Howard! Iwe Howard! Njinga ya bambo ako ili kuti?"

Katswiri wa ku Beira anadzuka n'kuyankha m'Chichewa chosalala ngati cha pawailesi: "Amayi, tikambirana kunyumba." Mayiwo anati kukambirana ndi pompano. Pamenepo ndi pamene Howard anationetsa liwiro limene tinkaliyembekezera kwa miyezi itatu. Anathamanga kudutsa golo, kudutsa lole, mpaka kukalowa m'munda wa nandolo. Tinamva pambuyo pake kuti njingayo anaigulitsa ku Limbuli n'kugula thirakisuti, magalasi ndi nsapato, ndipo Chipwitikizi chake chonse chinali mawu asanu ndi limodzi amene anatola kwa ogula chimanga a kumalire.

Tinagonja ndi zigoli zisanu kwa duu, zinayi za Amosi. A Stafford atagwira chimkuzamawu kuti alankhule za chitukuko, anthu anali akusekabe, ndipo theka la bwalo linali litanyamula Amosi paphewa.

A Makina sanatuluke m'nyumba masiku awiri. Mayi Belita anandiuza kuti ankangokhala pamphasa, osadya, n'kumatsegula kope lija n'kulitseka. Ndinawamvera chisoni. Ndinkaganiza kuti munthu uja watha. Koma Lachiwiri m'mawa ndinawapeza m'tiirumu ya pa siteji, jekete atasita, anthu atawazungulira.

"Mwamuona mwana wanga?" ankatero. "Ndinamuona tsiku loyamba lenilenilo. Koma ndinadziwa kuti ndikamulemba muno, pakati pa adzukulu a bwana, awonongeka. Mbewu yabwino sitisunga m'nkhokwe ya anankafumbwe. Ndinamukankha dala kuti akule."

Wina anafunsa za Howard. A Makina anati ameneyo anabwera ndi akuluakulu, iwo anangolemekeza. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi analipo. Ndikunama, aphunzitsi?" Ndinakumbukira kuti mayina onse a pafomu ija ndinalemba ndine, ndipo ndinangomeza tiyi wanga.

A Stafford anagwa pachisankho, ndipo timu inatha sabata yomweyo. Majezi ofiira aja anawapereka kwa anyamata okweza matumba pamalole awo, moti kwa zaka zingapo ukafika pa Migowi umaona nambala 10 itasenza nandolo.

Mu 2001 Amosi anatengedwa ndi timu ina yaikulu ya ku Blantyre, ndipo dzina lake linayamba kumveka pawailesi. Nkhani ya a Makina inakula limodzi naye. Poyamba ankati anamuona, kenaka anayamba kunena kuti anamuphunzitsa kumenya ndi mutu, mpaka tinamva kuti nsapato zake zoyamba anamugulira ndi iwo. Tsiku lina a Makina anakwera minibasi kupita ku Blantyre kukamuonera, ndipo mnzanga wina wophunzitsa ku Limbe anawaona pachipata cha akuluakulu pabwalo la mpira akulankhula ndi mlonda.

"Kamuuzeni Amosi kuti wabwera munthu amene anamutulukira."

"Madala, khalani apo," mlondayo anayankha, akuloza khoma. "Ndinu wachisanu ndi chimodzi lero."

Pakhomapo panali kale amuna asanu ovala majekete, ndipo a Makina anakhala nawo mpaka mpira unatha, akukangana za amene anayamba kumutulukira Amosi. Atabwerera ku Migowi anatifotokozera masewero onse mwatsatanetsatane, n'kuwonjeza kuti mwanayo akuyesetsa, kungoti phazi lake lamanzere likadali lofooka, ndipo anamuuza pamaso.

Chakumapeto kwa 2003, chisankho china chikuyandikira, mkulu wina wa mabasi amene ankafuna uphungu anaganiza zoyambitsa timu. Anafunsa pamsika kuti ndani amadziwa osewera, ndipo aliyense anamulozera kwa munthu amene anatulukira Amosi. Mkuluyo anali wosamala, anafuna kalata ya umboni. A Makina anabwera kusukulu kwanga atanyamula nkhuku.

Ndinaganiza nthawi yaitali ndisanalembe. Pomaliza ndinalemba kuti pa osewera abwino amene anatuluka m'dera lathu m'zaka zimenezo, wabwino koposa anadutsa m'manja mwa a Jonasi Makina. Sindinaname, anadutsadi. Ntchito anaipeza, ndipo ulendo uno anawapatsa ndi njinga yamoto yoyendera m'midzi.